Banki ikagwa, ndalama za geni zimabwera zingati?

Gulu: Amalonda Ang'onoang'ono Tithandizane

Mayi a Tadala, Mponela: Moni nonse pa gulu. Mundikhululukire ngati funsoli linafunsidwapo kale. Ndagulitsa soya ndi mtedza zomwe ndinapikula nthawi yokolola, ndipo pano mu akaunti muli K11 miliyoni. Ndi mpamba wonse wa geni yanga, ndikudikira kuti ndiodere feteleza ndi mbewu mvula ikamayandikira. Tsono alamu anga akundiopseza kuti banki imathanso kugwa ngati golosale, ndipo ikagwa ndalama zimapita. Kodi ndi zoona? Nanga ndikazitulutsa ndikazisunga kuti?

Wakabaza, Area 25: Mayi, bweretsani kuno ndikusungireni. Ine sindigwa, njinga yokha ndi imene imagwa kkkk

Admin: Wakabaza tiyeni tilemekeze funso. Komanso ndichenjezeretu: pa gulu pano pasapezeke wolemba kuti banki yakutiyakuti ikugwa popanda umboni. Uthenga wotero ndifufuta pompopompo. Akawuntanti, ngati muli pafupi tathandizani mayiwa.

Akawuntanti, Limbe: Ndilipo. Mayi a Tadala, alamu anu sananame, koma anakuuzani theka la nkhani. Banki itha kugwa, inde. Kungoti pano kuno kwathu kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation, ambiri amangoti DIC. Lamulo lake linadutsa mu 2022 ndipo bungweli linakhazikitsidwa mu October 2023. Ntchito yake ndi imodzi: banki ikatsekedwa ndi Reserve Bank, DIC imabwezera anthu amene anasungitsa ndalama kumeneko, mpaka pa mlingo woikika. Mlingo umene anayamba nawo ndi K3 miliyoni pa munthu mmodzi pa banki imodzi.

Inuyo simulipira kalikonse, simulembetsanso paliponse. Mabanki ndi amene amasonkha ndalama ku thumba la DIC, ndipo banki iliyonse ya malonda ikuyenera kukhala membala, kaya ifune kaya isafune. Pamene bungweli linkayamba, mabankiwo analipo 8: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, First Capital, Ecobank, CDH ndi Centenary.

Mayi a Tadala, Mponela: Zikomo bambo. Ndiye mukutanthauza kuti pa K11 miliyoni yangayi ndingalandire K3 miliyoni yokha? K8 miliyoni yotsalayo yapita?

Akawuntanti, Limbe: Sikuti yapita, koma palibe amene akukulonjezani kuti ibwera yonse. K3 miliyoni ndi yotsimikizika, imachokera ku thumba la DIC. Yotsalayo mumadikira amene wasankhidwa kuti athetse bankiyo. Iyeyo amagulitsa nyumba za banki, magalimoto, amatolera ngongole kwa onse amene anakongola, kenako zomwe zapezeka amagawira amene banki inali nawo ngongole, inu mukhala mmodzi mwa iwo. Mwina mulandira yonse, mwina theka, ndipo zimenezi zimatenga zaka, osati miyezi. Kwa munthu wa geni vuto lili pomwepa. Feteleza wa October sangadikire mlandu wa zaka zitatu.

Nachisale, Dedza: Ndiye atsegule maakaunti anayi pa banki yomweyo, aike K3 miliyoni, K3 miliyoni, basi nkhani yatha.

Akawuntanti, Limbe: Ayi achemwali, pamenepo ndi pamene ambiri amasokonezeka. Sawerengera akaunti, amawerengera munthu. Mukhale ndi savings, current ndi fixed deposit pa banki imodzi, zonse amaziphatikiza n'kuona kuti Nachisale ali ndi zingati pa banki ino. Nthambi nazonso sizisintha kanthu. Akaunti ya ku nthambi ya Dedza ndi ya ku nthambi ya Lilongwe, ngati chikwangwani ndi chimodzi, banki ndi imodzi. Chimene chimathandiza ndi kugawa ku mabanki osiyana. K11 miliyoni ya mayiwa itagawidwa ku mabanki anayi, yonse ingakhale pansi pa chitetezo.

Wakabaza, Area 25: Mabanki anayi? Ndiye ma charges a pamwezi anayinso, makadi anayi, mizere inayi. Bankiyo isanagwe ndalama zikhala zitatha kale ndi ma charges.

Akawuntanti, Limbe: Pamenepo Wakabaza wanena zoona kwa nthawi yoyamba chaka chino. N'chifukwa chake ine makasitomala anga sindiwauza kuti atsegule maakaunti m'tauni monse. Mabanki awiri amakwana kwa anthu ambiri. Osati chifukwa cha DIC yokha ayi. Ngakhale banki isagwe, netiweki ikavuta kumapeto kwa mwezi, kapena akaunti aitseka kaye poti mapepala ako sali bwino, uli ndi kwina kopumira. Geni imafa ndi kusowa ndalama ya lero, osati ya chaka chamawa.

Achimwene a ku Joni: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndaiona ndi maso kuno. Mu March 2018 banki ya VBS Mutual Bank inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wa South African Reserve Bank. Inali banki ya anthu wamba a ku Venda, m'chigawo cha Limpopo. Agogo, magulu osonkherana ndalama za maliro, ma stokvel omwe ndi ngati banki mkhonde zathu, onse ankasunga kumeneko. Anthu ankafola ku Thohoyandou kuyambira usiku. Kafukufuku atachitika zinapezeka kuti ndalama pafupifupi R2 biliyoni zinabedwa ndi akuluakulu a banki yomweyo ndi anzawo. Nthawi imeneyo kuno kunalibe inshuwalansi ya ndalama zosungitsa. Boma linachita kulowererapo, n'kulonjeza mpaka R100,000 pa munthu aliyense, ndipo anthu anakalandirira ku Nedbank. Amene anali ndi zoposa pamenepo, komanso makhonsolo amene anaika mamiliyoni kumeneko, anatsala akudikira.

Pano anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa CODI, linayamba ntchito mu April 2024, mlingo wake ndi R100,000 womwewo. Ndiye taonani, pa nkhani iyi Malawi anatsogola South Africa ndi miyezi ingapo. Sizichitikachitika kkkk

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Ana inu mukukamba za ku Joni ngati kuno sizinachitikepo. Mu 2005 Reserve Bank inalanda chiphaso cha Finance Bank Malawi, ndipo mapeto ake bankiyo inatsekedwa. Malawi Savings Bank, imene ambiri a ife a m'boma tinkalandirirako, inalemedwa ndi ngongole zimene anthu ena sankabweza, mpaka boma linaigulitsa ku FDH mu 2015, ngongole zoipazo boma n'kuzisenza, kutanthauza kuti tinalipira ndi ife amisonkho. Chaka chomwecho Indebank inagulidwa ndi National Bank. Opportunity Bank inamezedwa ndi FMB, imene pano ndi First Capital. Mukaona bwino, kuno kwathu banki ikadwala kawirikawiri amaipezera woigula, maakaunti n'kusamukira kwa mwini watsopano, osungitsa osataya kanthu. Ndiye mayi a Tadala musachite mantha kwambiri. Koma musamvenso za anthu oti banki singagwe.

Akawuntanti, Limbe: Aphunzitsi mwakumbutsa chinthu chofunika. Mabanki awiri akaphatikizana, amene anali ndi akaunti uku ndi uku amadzuka ali ndi ndalama zonse pa banki imodzi. Ndiye kugawa kuja kumafunika kumakuonanso nthawi ndi nthawi.

Nangozo, Leeds: Kuno ku UK kuli FSCS, bungwe longa DIC. Kwa zaka zambiri mlingo unali £85,000, ndipo mu December 2025 anaukweza kufika £120,000. Koma sanafike pamenepo mwaulere. Mu September 2007 anthu anafola pa nthambi za banki ya Northern Rock kukatulutsa ndalama zawo, chifukwa nthawi imeneyo chitetezo chonse chinali pa £2,000 yoyamba yokha, pa £33,000 yotsatira ankakubwezera 90 peresenti. Munthu akadziwa kuti ataya kenakake, amathamanga. Boma linaphunzirapo, n'kukweza mlingo.

Chimene ndikufuna kufunsa Akawuntanti ndi ichi. Kuno ngati uli sole trader, kutanthauza wochita bizinesi pawekha osalembetsa kampani, ndalama za bizinesi ndi zako za m'thumba amaziphatikiza, mlingo ndi umodzi. Koma ngati bizinesi ndi limited company, imakhala ndi mlingo wakewake. Mayi a Tadala geni yawo inalembetsedwa bwanji?

Mayi a Tadala, Mponela: Ndinangolembetsa dzina la bizinesi kuti nditsegule akaunti komanso ndizitha kupereka ma invoice ku sukulu zomwe ndimaperekako nyemba. Si limited ayi. Akaunti yanga ya ine mwini ilinso pa banki yomweyo, muli ya fizi ya ana.

Akawuntanti, Limbe: Ndiye mvetsani apa mayi. Pamaso pa malamulo, dzina la bizinesi lolembetsa chabe si munthu wina, ndinu nomwe mwavala chipewa china. Ngongole ya bizinesiyo ndi yanu, ndalama zakenso ndi zanu. Kampani ya limited ndi imene imaima payokha ngati munthu. Choncho powerengera chitetezo chanu, tengani kuti ya geni ndi ya fizi zili mu thumba limodzi pa banki imeneyo. Ine ndikanakhala inu, choyamba kusamutsa ikanakhala ya fiziyo, ipite ku banki ina. Geni ikatsamwa ana asatsamwe nayo.

Koma musathamangire kulembetsa limited chifukwa cha K3 miliyoni yowonjezera. Limited ili ndi zake: ma return a chaka ndi chaka, mabuku oyenera kusungidwa bwino, msonkho wa kampani ku MRA. Imalembetsedwa bizinesi ikakula, osati chifukwa cha mantha.

Wakabaza, Area 25: Funso langa ndi losiyana. Ine ku banki ndilibe ndalama, ndili ndi ngongole ya njinga yamoto. Banki ikagwa ngongole yanga imagwa nayo limodzi eti? Ndiyambe kupemphera?

Nachisale, Dedza: Kkkkk Wakabaza Mulungu samva mapemphero otero

Akawuntanti, Limbe: Pepani achimwene, ngongole siifa. Ngongole yanuyo ndi chuma cha banki, ndipo wothetsa banki uja ntchito yake yoyamba ndi kukusakani inuyo kuti apeze zobwezera anthu ngati mayi a Tadala. Kapena amaigulitsa ku banki ina, muzikalipira kumeneko. Chikole chimene munapereka chimakhalabe chikole.

Sekuru Mbewe, Harare: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Makolo anga anachokera ku Ntcheu, ine ndinabadwira kuno, ndipo ndikuuzeni chinthu chimene inshuwalansi imeneyi siingakuchitireni. Kuno bungwe loteteza osungitsa ndalama linalipo kuyambira 2003. Koma mu 2008 ndalama za anthu zinatha banki ili chiimire, zitseko zotsegula, alonda ali pakhomo. Chinagwa ndi ndalama ya dziko. Munthu amene anasunga penshoni ya moyo wake wonse anapeza kuti siingagule buledi. Mu 2019 zinabweranso mwa mtundu wina: ndalama zimene anthu ankadziwa kuti ndi madola a America mu akaunti zinasandutsidwa RTGS dollar, ndalama yatsopano ya kuno ku Zimbabwe, mtengo wake n'kutsika anthu akuona. Inshuwalansi ya ndalama zosungitsa sinateteze anthu pamenepo, chifukwa si banki imene inagwa. Ndiye mukamakamba za DIC muzidziwa kuti ikutchingirani khomo limodzi lokha.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Sekuru mwalasa. Ndipo n'zimene zimandinyansa ndi K3 miliyoni imeneyi. DIC inakhazikitsidwa mu October 2023. Mwezi wotsatira, November, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kutanthauza kuti K3 miliyoni imene inali pafupifupi madola 2,500 pa tsiku lokhazikitsa, patangotha milungu yochepa inali madola osakwana 1,800. Chitetezo chinachepa chisanagwire n'komwe ntchito. Kumbukiraninso kuti mu May 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Mlingo woterewu umayenera kumakwezedwa mitengo ya zinthu ikamakwera, apo ayi udzangotsala dzina.

Akawuntanti, Limbe: Sindikutsutsani aphunzitsi, koma tiyeni tione mbali inayo. Mlingowu sanauikire munthu wa K11 miliyoni. Anauikira mlimi, mphunzitsi, mlonda, mayi wogulitsa mandasi, anthu amene akaunti yawo siinafikepo K3 miliyoni chibadwire, ndipo amenewo ndiwo ochuluka zedi m'mabanki athu. Kwa iwowo chitetezochi ndi chathunthu. Komanso thumba la DIC likadali laling'ono, likukula ndi zosonkha za mabanki chaka ndi chaka. Kulonjeza K50 miliyoni pa munthu thumba lilibe ndalama zotero ndi bodza loposa kusalonjeza. Ndipo mukakweza kwambiri, mabanki amasonkha zambiri, mukudziwa kale amene adzalipire zimenezo pa ma charges.

Palinso china. Anthu a ndalama zambiri akamadziwa kuti sali otetezedwa mokwanira, amayang'anitsitsa banki yawo, amawerenga malipoti a chuma amene mabanki amasindikiza m'nyuzipepala. Zonse zikatetezedwa, aliyense amangothamangira kumene kuli chiwongoladzanja chokwera osafunsa kuti bankiyo ikuzitenga kuti.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Malipoti amenewo amawerenga ndani ku Mponela? Mukunena za makampani a ku Blantyre inu. Amene ali pakati, ngati mayiwa, ndi amene ali pa mphepo. Ndi aakulu moti K3 miliyoni siwakwanira, koma ndi aang'ono moti alibe wowawerengera mabuku a banki.

Akawuntanti, Limbe: Pamenepo ndiye tagwirizana. Wa geni yapakati ndi amene ayenera kudzitchinjiriza yekha.

Compadre, Ulongwe: Moni a Malawi. Inu mukudandaula K3 miliyoni? Kuno ku Mozambique, Nosso Banco itatsekedwa mu November 2016, thumba loteteza osungitsa linkabweza 20,000 meticais pa munthu. Ndalama imeneyo nthawi imeneyo siinkafika n'komwe madola 300. Chaka chomwecho Moza Banco inagwedezekanso koma ija Banco de Moçambique, imene ili ngati Reserve Bank kuno, inailowerera n'kuipulumutsa. Banki yaikulu amaigwira isanagwe, yaing'ono amaisiya.

Nangozo, Leeds: Ku America zinachitikanso chimodzimodzi. Mlingo wa FDIC, bungwe lawo longa DIC, ndi madola 250,000, koma Silicon Valley Bank itagwa mu March 2023 boma linabwezera onse, ngakhale amene anali ndi mamiliyoni, poopa kuti moto ufalikira ku mabanki ena. Chimene chinandidabwitsa ine ndi liwiro lake. Anthu anatulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri pa foni, atauzana pa intaneti. Panalibe mzere pakhomo ngati wa Northern Rock.

Admin: N'chifukwa chake ndinachenjeza poyamba paja. Palibe banki padziko lapansi imene imasunga ndalama za anthu onse mu sefa. Zambiri zinakongozedwa kwa ena, zili m'minda ya fodya, m'malole, m'nyumba za anthu. Tonse titapita tsiku limodzi kukatulutsa, ngakhale banki yabwinobwino itha kugwada. Voice note imodzi yabodza pa WhatsApp itha kupha banki imene inalibe matenda.

Nachisale, Dedza: Nanga ife a banki mkhonde? Gulu lathu tilipo amayi 22, pofika November m'bokosi mumakhala ndalama zambiri ndithu tisanagawane mu December.

Akawuntanti, Limbe: Ndalama ya m'bokosi la banki mkhonde ili kunja kwa DIC, chitetezo chake ndi maloko atatu aja ndi kukhulupirika kwa msungichuma. SACCO nayonso si banki ya malonda, ili ndi malamulo akeake ngakhale imayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Ma unit trust, masheya a pa Malawi Stock Exchange, ndalama zimene mwapereka ku kampani yoti ikuchulukitsireni, zonsezi si ndalama zosungitsa ku banki, ndipo zikalowa m'madzi musapite ku DIC. Anthu ambiri amene ndawaona akulira sanalire chifukwa cha banki, analira chifukwa cha kampani kapena munthu amene anawalonjeza chiwongoladzanja chimene banki iliyonse singapereke. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Gulu lanu likafuna kuika ndalama ku banki, tsegulani akaunti m'dzina la gulu, ndi osayinira atatu, ndipo buku la mamembala lizisonyeza bwino kuti aliyense ali ndi zingati. Chimene ndimakana ine ndi kuika ndalama za gulu mu akaunti ya tcheya kapena ya msungichuma. Pamenepo banki imaona munthu mmodzi, ndalama za amayi 22 n'kuphatikizana ndi zake, mlingo umodzi. Ndipo akamwalira mwadzidzidzi, achibale ake adzati ndi chuma cha masiye.

Nachisale, Dedza: Eee zimenezi zinachitikadi ku gulu la mudzi woyandikana nafe. Mpaka kwa amfumu nkhani yake, ndipo sinathe bwino.

Mayi a Tadala, Mponela: Ndamva zonse. Koma alamu anga aja akuti bola ndigule matumba a chimanga ndisunge, kapena ndizisunga ndalama kunyumba. Akuti chimanga sichitsekedwa ndi Reserve Bank.

Sekuru Mbewe, Harare: Pa katundu alamu anuwo ali ndi mfundo. Ife tinapulumuka ndi katundu, osati ndi mapepala. Ngati mukudziwa kale kuti mudzagula feteleza, ndipo muli ndi posunga pouma ndi potetezeka, kugula gawo lina pano kuli bwino kuposa kudikira mtengo ukwere. Koma zosunga ndalama m'nyumba ayi mwanangu. Mudzi wonse ukudziwa kuti mwagulitsa soya.

Aphunzitsi Opuma, Zomba: Chimanga sichitsekedwa ndi Reserve Bank, koma chimatsekedwa ndi anankafumbwe. Komanso boma likangoletsa kutumiza kunja kapena chaka chikakhala cha zokolola zambiri, mtengo umagwa muli nacho m'nyumba. Gulani katundu amene mumamudziwa, amene muli kale ndi makasitomala ake. Ndipo kunena zoona, kuno kwathu ndalama zimene zapsa m'nyumba, zobedwa ndi achifwamba ndi zodyedwa ndi achibale obwereka n'zambiri kuposa zimene zinatayika chifukwa banki yagwa.

Akawuntanti, Limbe: Palinso ma Treasury bill kwa amene ndalama yake ikhala miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi osaigwira. Pamenepo mwakongoza boma, osati banki, ngakhale mutagula kudzera ku banki yanu. Alipo a masiku 91, 182 ndi 364. Kungoti ndalamayo imamangika mpaka tsiku lake, ndiye si ya munthu amene angafune kuoda katundu mawa akamva kuti mtengo watsika.

Wakabaza, Area 25: Kukongoza boma? Ine boma lindibwezere kaye msewu wa kwathu kkkk

Mayi a Tadala, Mponela: Chabwino. Ndaganiza chonchi: ya fizi ndisamutsira ku banki ina sabata ino. Pa ya geni, ndiodereratu theka la feteleza, yotsalayo ndigawa pawiri. Ipitirirabe K3 miliyoni pang'ono uku ndi uku koma ndi kwa miyezi iwiri yokha.

Akawuntanti, Limbe: Zili bwino mayi. Mukapita kukatsegula akaunti yatsopanoyo, mukafunsenso ku banki yakaleyo kuti akuonetseni zimene analemba za inu. Tsiku loti DIC ibweze ndalama, idzatengera mabuku a banki yogwayo. Ngati akaunti ili m'dzina la kwa amuna anu pomwe chitupa cha unzika chili m'dzina la kwa bambo anu, kapena nambala ya foni ndi ija munataya kalekale, anzanu adzalandira inu mukuyenda ndi makalata a kwa amfumu ndi kwa DC.

Nachisale, Dedza: Iii ineyo ndi ameneyo. Ku banki ndine Mrs, pa chitupa ndine wa kwathu, pa Mpamba ndinalembetsa ndi chitupa cha mwana wanga.

Admin: Nachisale mawa m'mawa ku banki, ndipo mutenge chitupa ndi kalata ya ukwati. Wakabaza akuperekezani, koma mulipire.